Malemu Akukana Nyenyezi Yanga

Madzulo a tsikulo ndinasita yunifolomu ya mwana, ndinamusainira homuweki, kenako ndinanyamula fulasiki ya tiyi ndi juzi. Amuna anga anali pakhonde akumasula firiji ya anthu ena. Ndiyo ntchito yawo, ndipo pakhomo pathu mafiriji akufa ndi ambiri kuposa mipando.

"Mukukalonda nyenyezi, mayi a mwana?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Ndikukagwira wakuba."

"Mukam'gwira mundiimbire. Ndibwera ndi sipanala yaikulu ija."

Ndinaseka, koma mumtima munali moto.

Ndimagwira ntchito pa yunivesite, pansanjika yachinayi ya nyumba ya sayansi, m'chipinda chopanda zenera. Anthu akamva kuti ndimafufuza zakuthambo amayesa ndimagona chagada pa udzu n'kumawerenga nyenyezi. Ayi ndithu, ine ndimayang'ana sikirini mpaka maso kufiira. Kutali kwambiri kuthamboko kuli zinthu zimene timazitcha maenje akuda. Ndi zolemera koopsa, ndipo zimakoka chilichonse chimene chayandikira, moti ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Nyenyezi ikadutsa pafupi, dzenjelo limaikoka, kuitalikitsa, mpaka kuing'amba. Zidutswa zake zimazungulira pakamwa pa dzenjelo, zimatentha, n'kutulutsa cheza cha ekisireyi, chomwe chija amatijambula nacho chifuwa kuchipatala. Dzenjelo sitiliona. Timangoona chakudya chake chikupsa. Chezacho sichifika pansi pano chifukwa mpweya umachitchinga, choncho makina athu ali m'mwamba, pa setilaiti.

Nyenyezi zambiri zimamezedwa kamodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Yanga sinali choncho. Ndinaipeza ndekha zaka zinayi zapitazo, m'manambala akale amene aliyense anali atawataya. Dzenje limailuma, iyo n'kupulumuka, n'kupita kutali, pakatha masabata atatu n'kubweranso pomwepo kudzalumidwanso. Ndinaitcha Wamakani.

Kagwiridwe kathu ka ntchito n'kotere. Pa setilaitiyo pali kadiso kakang'ono koona mbali zonse, ndi telesikopu yaikulu yoona malo amodzi okha. Kadisoko kakaona kuthwanima, belu limalira m'chipinda chathu. Amene ali pantchito amakhala ndi theka la ola kuti aone manambala n'kudina mawu amodzi: ZOONA kapena ZABODZA. Akadina ZOONA, anthu a kulikulu la setilaiti amatembenuza telesikopu yaikulu ija. Koma pali lamulo lina. Wamkulu akadina zosiyana ndi wamng'ono, makina amamvera wamkulu.

Wamkulu wathu anali Pulofesa. Kumbali tinkawatchula kuti a Ndinaonakale, chifukwa ukawabweretsera chinthu chimene wachivutikira chaka chathunthu, iwo ankangotsokomola n'kunena kuti, "Ee, zimenezo ndinaona kale." Sabata yotsatira umapeza dzina lawo lili pamwamba pa lipoti lako, lako lili pansi penipeni ngati la wokonza tiyi. Anadya thukuta la ophunzira ambiri bambo amene uja. Ena anasiya sukulu, wina anakayamba kuweta nkhuku.

Nditalemba lipoti la Wamakani, anandiitana.

"Dzina langa likhale poyamba, mtsikana."

Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, mwana ali kusukulu, koma kwa iwo ndinali mtsikana.

"Ayi, Pulofesa. Iyi ndinaipeza ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Popanda ine," anatero, "nyenyezi imeneyo sudzaionanso."

Patatha masabata awiri anagwa pamasitepe a kunyumba kwawo, mtima utaima. Kumaliro ndinapita, nkhata ndinaika, misozi yokha ndiyo inakana kutuluka. Sindinaikakamize.

Ndiyeno Wamakani anasowa. Tsiku lake loyamba lobwerera linafika ndili kunyumba, foni ili pamtsamiro kudikira uthenga, koma kunali zii. Patatha masabata atatu, chimodzimodzi. Mkulu watsopano, mayi wofatsa amene tinkangowatchula kuti a Dokotala, anandiuza mwachifundo kuti mwina nyenyeziyo yatha. A kulikulu anali atalemba kalata yoti ikalephera kachitatu, nthawi yathu ya pa telesikopu aipereka kwa ena. Ndiye kuti lipoti langa likanafa, ndi zaka zanga zinayi zomwe.

Ndinakana kukhulupirira. Ndinafufuza m'kaundula wa makina. Belu linalira maulendo onse awiri. Maulendo onse awiri, pasanathe mphindi imodzi, wina anadina ZABODZA, uthenga usanafike pafoni yanga. Dzina la wodinayo linali la Pulofesa.

Ndinathamangira kwa mkulu wa makompyuta. Iye anakanda mutu n'kuvomera kuti dzina la malemu silinafufutidwe. Pulofesa anamanga zonse pa dzina lawo zaka zambiri zapitazo, moti kulichotsa kukanagwetsa makina onse a m'chipindamo. Anangosintha pasiwedi, n'kundilumbirira kuti yatsopanoyo akuidziwa yekha. Ine ndinati pali munthu wamoyo amene akundichita chipongwe, ndipo ndim'peza. N'chifukwa chake usiku wachitatuwo sindinadalire foni.

Pakhomo la nyumba ya sayansi ndinapeza mlonda, bambo wachikulire amene sasiyana ndi wailesi yake.

"Mugona pamwamba, mayi?"

"Ndigona maso."

Anatsitsa wailesi. "Ine kumtundako ndinasiya kukwerako usiku. Chikepe chimapita chokha. Ndimachimva chikukwera, koma munthu wolowamo sindimuona."

"Ndi mawaya amenewo, bambo."

"Ee, mawaya," anatero. "Mawaya odziwa nsanjika yachinayi yokha."

Ndinakwera wapansi. M'chipindamo ndinayatsa magetsi onse. Ndinasuzumira pansi pa matebulo ndi kuseri kwa makabati. Ndinakhoma chitseko, kiyi n'kumusiya pomwepo, ndi kutsamiritsapo mpando. Kenako ndinapita pa tebulo la malemu, limene linali pakona, palibe amene analimba mtima kulisuntha. Ndinazula chingwe cha kompyuta yawo, ndinachikulunga, n'kuchiponya m'chikwama changa. Ndinati tione tsopano.

Maola anayenda pang'onopang'ono. Ndinamwa tiyi. Ndinawerenganso lipoti langa, ndinakonza mawu awiri. Makina oziziritsa chipinda ankangolira monga mwa masiku onse. Cha m'ma leveni amuna anga anatumiza uthenga woti mwana wagona, ndiponso sipanala ili pafupi.

Itangopitirira wani koloko, ndinamva chikepe.

Chinayambira pansi. Chinakwera. Chinaima pansanjika yathu, kabelu kake n'kulira, ngii. Zitseko zinatseguka. Kwa kanthawi kunali chete.

Kenako mapazi.

Phazi limodzi linkaponda, linalo linkakwekwereza. Pulofesa anali ndi bondo lovuta, ndipo kayendedwe kameneko ndinakamva zaka zinayi. Pa sitepe iliyonse mulu wa makiyi unkalira m'chiuno, weyere, weyere. Ndinadziuza kuti aliyense atha kukwekwereza phazi. Aliyense atha kugula makiyi.

Mapaziwo anaima pachitseko.

Ndinayang'anitsitsa chogwirira. Sichinagwedezeke. Kiyi sanatembenuke. Mpando uja unali pomwe ndinausiya. Koma fungo linalowa, fungo la mankhwala opaka pachifuwa amene Pulofesa ankadzola chaka chonse, kaya kukutentha kaya kukuzizira. Linadzaza chipinda mpaka maso anga kuyabwa.

Makiyi analiranso. Ulendo uno anali m'kati.

Anadutsa kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Pakona paja mpando wachikopa unalira, kwii. Ndinaponya diso. Chikopacho chinali chikubonyoka pakati pang'onopang'ono, monga chimachitira munthu wonenepa akakhalapo. Pampandopo panalibe munthu.

Wina anatsokomola.

Nthawi yomweyo belu linalira.

Manja anga anadziwa ntchito yawo ngakhale mutu unali utaima. Manambala anatuluka pa sikirini. Malo ake anali omwewo, kathwanimidwe komweko. Anali Wamakani, wamoyo, akulowanso m'kamwa mwa dzenje. Ndinadina ZOONA.

Pakona paja mabatani anayamba kulira. Tha. Tha. Tha. Zala ziwiri zokha, mmene ankalembera malemu. Sikirini yawo inali bii, chingwe chili m'chikwama changa. Pa sikirini yanga mawu aja anasintha. ZABODZA.

Ndinadinanso. Tha, tha, tha. ZABODZA.

Ndinadina kachitatu. Makina anandiyankha kuti wamkulu wagamula, ndipo batani langa linatsekedwa. Wotchi ya pakona pa sikirini inati kwatsala mphindi makumi awiri ndi ziwiri.

Ndisaname, ndinathawa. Ndinafika pachitseko, ndinakankha mpando uja, dzanja n'kugwira kiyi. Ndinkafuna masitepe, mlonda ndi wailesi yake, nyumba yanga yodzaza mafiriji. Ndiye kumbuyo kwanga ndinamva kaphokoso kena kakang'ono, kotulukira m'mphuno. Ndinkakadziwa. Ndi mmene ankasekera wophunzira akatuluka muofesi mwawo akulira.

Mantha aja anasanduka china. Magazi anawira mpaka m'makutu. Ndinasiya kiyi, ndinatembenuka, n'kuyang'ana mpando wopanda munthuwo.

"Pulofesa," ndinatero, "munandidya muli moyo. Simundidyanso muli kumanda. Mwamva?"

Mpando unalira pang'ono, kwii, ngati munthu akutsamira kuti aonere bwino.

Pakhoma la chipindacho pali foni yakale yachingwe, yopita kulikulu la setilaiti kokha. Inaikidwa kuti makompyuta akafa, munthu atchule manambala pakamwa. Palibe amene amaikonda, chifukwa ukaimba umasenza mlandu wonse wekha. Ukatembenuzitsa telesikopu pachabe, amakuletsa kuigwiritsa ntchito zaka ziwiri. Chiyambire ntchito sindinaonepo munthu akuigwira. Ndinapukuta fumbi ndi juzi n'kuinyamula.

Inaitana kanayi. Anayankha mayi wa mawu otopa, amene ankamveka kuti akutafuna kanthu.

Ndinatchula dzina langa ndi nambala yanga ya ntchito. Ndinati ndikupempha kutembenuza telesikopu, pakamwa, mlandu wanga.

"Pano pakuoneka kuti akulu anu akana," anatero.

"Ndikudziwa. Lembani manambala."

Ndinayamba kuwerenga. Ndisanafike pakati anandidula.

"Pepani mayi, auzeni bambo ali pambali panuwo ayambe akhala chete. Mukulankhula nonse awiri, sindikumva bwino."

M'chipindamo ine sindinkamva mawu a munthu aliyense. Koma kukhosi kwanga, kumbuyo kwa khutu limene linalibe foni, kunkafika kamphepo kozizira, kobwera n'kusiya, kobwera n'kusiya, monga mpweya wa munthu amene akulankhula.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti iwo ndi Pulofesa, ndipo akuletsa. Mayi, malamulo mukuwadziwa. Ngati wamkulu ali pomwepo, ndiyenera kulankhula naye. Apatseni foni."

Kunatsala mphindi khumi ndi zinayi.

"Sindiwapatsa."

"Ndiye sindingakuthandizeni."

"Mayi, tamverani. Dzina limene lakanalo mulifufuze m'makalata anu. Mupeza uthenga wa maliro. Anamwalira miyezi iwiri yapitayo. Ine ndinaliko, dothi ndinathira ndi dzanja langali."

Kutafuna kuja kunasiya. Ndinamva mabatani akulira kumbali yake.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "nanga akulankhulawa ndani?"

"Ndi munthu wopanda udindo. Malamulo anu akunena za wamkulu amene ali pantchito. Amene ali pantchito usiku uno ndine. Mulemba kapena simulemba?"



"Akutchula manambala ena," ananong'ona. "Osiyana ndi anu."

"Mverani mawu achikazi okha."

Ndinawerenga mokuwa, nambala imodzi imodzi, ngati mphunzitsi wa ana aang'ono. Kamphepo kaja kanakula. Kanafika patsaya. Fungo lija linandilowa m'kamwa. Chingwe cha foni chinayamba kukokeka, pang'onopang'ono, kulowera kumbali kumene kunalibe munthu. Ndinachikulunga padzanja kawiri n'kuponda mwamphamvu. Ndinati ngati n'kukokana tikokana, ine ndinakulira pamodzi ndi alongo anayi.

Mayi uja anabwereza manambala onse. Nambala yachisanu ndi chiwiri inali yolakwa.

"Ayi! Pamenepo ndi folo, osati naini. Naini ndi yawo."

"Folo," anatero, mawu ali ngati alira. "Folo. Ndatumiza. Mulungu akhale nanu, mayi." Anadula foni.

Chingwe chija chinalefuka.

Telesikopu yaikulu imatenga mphindi zingapo kuti itembenuke. Ndinakhala pampando wanga, nsana nditaulozetsa kukona. Sindinapemphere, sindinatukwane. Ndinangoyang'ana kamzere kobiriwira kamene kamasonyeza kuchuluka kwa cheza. Kanali kogona. Kanapitiriza kugona. Ndinayamba kuganiza za zaka ziwiri zija, ndi za mnzanga woweta nkhuku uja.

Kenako kanadzuka.

Kanakwera pang'ono, kanaima, n'kukweranso, kuthamanga mpaka pamwamba pa sikirini. Kutali kosaneneka dzenje linali litaluma, nyama ya nyenyezi ikupsa pakamwa pake, ndipo ine ndinali kuonerera. Kuwalako kunali kochepa poyerekeza ndi kale, pakuti Wamakani anali ataonda. Koma patapita maola awiri kamzere kanatsika mwa kachitidwe kake komwe kaja, kosonyeza kuti chapakati chake chadutsa, chapulumukanso. Ndinalira, ndinaseka, mamina ndi misozi pamodzi.

Ndinatembenuza mpando wanga.

"Mwaona?" ndinatero. "Iyi yokha simunaione kale."

Chikopa chija chinayamba kufufuma pang'onopang'ono mpaka kusalala. Makiyi sindinawamve akutuluka. Fungo linakhalabe mpaka m'mawa.

Kutacha, amayi awiri osesa anagogoda, ndinawatsegulira. Mmodzi anapita kukapukuta makina osindikizira, n'kubwerera chambuyo, dzanja lili pakamwa. M'thireyi munali tsamba loyamba la lipoti langa. Ine sindinasindikize kanthu usiku umenewo. Dzina langa linali litakhwatchidwa ndi cholembera chofiira, pamwamba pake palembedwa la Pulofesa, m'zilembo zawo zopendekera zija. Ndinakhudza ndi chala. Inki inali isanaume.

Pofika masana nkhani inali ponseponse m'nyumbamo. Osesa ankanong'onezana pamasitepe kuti munthu amene anakhala moyo wake wonse akudya maina a anzake sangagone ndi njala. Mlonda anati iye anadziwa kale kuti si mawaya. A Dokotala anandiitana, anatseka chitseko, n'kundithira tiyi okha ndi manja awo.

"Mwapambana, mayi," anatero. "A kulikulu atiwonjezera chaka. Lipoti lanu lidziwika kutali. Koma tamvani. Ingolembani dzina lawo. Ngakhale pamapeto penipeni. Ena amachita zimenezo polemekeza malemu, palibe angadabwe. Apumule, nafenso tipume."

"Anagwirapo ntchito yanji?"

"Sindikunena za ntchito."

"Ine ndikunena za ntchito."

Lipotilo ndinalitumiza tsiku lomwelo lili ndi dzina limodzi.

Papita miyezi isanu tsopano. Wamakani akubwerabe, masabata atatu alionse, ndipo ulendo uliwonse ndimaimba foni ya pakhoma ija. Mayi wa kulikulu uja anapempha kuti asamagwire usiku. Amene analowa m'malo mwake anauzidwa kuti azimvera mawu achikazi okha, ndipo safunsa chifukwa chake. M'chipinda chathu mpando uja sukubonyokanso. Ndinayesa zatha.

Lamlungu lapitali ndinali kuluka mwana wanga tsitsi pakhonde, iye atakhala pansi pakati pa miyendo yanga. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo za kuntchito kwanga sitinamuuzepo kanthu.

"Amayi," anatero, "agogo aja amabwera inu mukapita kuntchito usiku ndi a kwa ndani? A kwa inu kapena a kwa adadi?"

Chipeso chinaima m'manja mwanga.

"Agogo ati?"

"Onunkha mankhwala aja. Amaima pazenera langa. Salowa. Amangoti ndikuuzeni kuti mulembe, iwo azipita."

Amuna anga anali chapafupi, ndipo anamva. Anaika pansi chimene anagwira. Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munalibe nthabwala. Ndinadziwa chimene ankapempha ngakhale sanatsegule pakamwa: kuti ndingolemba dzinalo. Ndinaopa kuposa mmene ndinaopera usiku uja.

Ndinagawa tsitsi lina, ndinalikoka bwinobwino, n'kupitiriza kuluka.

"Kuyambira lero uzigona kuchipinda kwathu, pakati pa ine ndi adadi ako," ndinatero. "Ndipo agogo aja akakupezanso, usawaope. Uwayang'ane kumaso, uwauze kuti amayi akana."